Mphaka Wokana Chakudya Chonyowa: Mmene Mungamuzoloweretsere Popanda Kumukhaulitsa ndi Njala

Mwagula kapaketi ka chakudya cha mphaka, ndalama zake zosachepa. Mwang'amba, mwakhuthulira m'mbale. Mphaka wabwera chothamanga, mchira uli m'mwamba. Wanunkhiza kamodzi, wakuyang'anani kumaso, kenako wayamba kupalasa pansi m'mbali mwa mbaleyo ngati akukwirira chimbudzi. Basi wachoka. Posakhalitsa mukumupeza ali pa thumba la timibulu take touma, akulira ngati wagona ndi njala sabata yonse.

Kabuku kano ndi ka mabanja amene mphaka wawo amadya chakudya chouma cha m'sitolo ndipo akufuna kuti azidyako chonyowa, kaya cha m'paketi, cha m'chitini kapena chophika pakhomo. Mphaka wa kumudzi amene amagona m'munsi mwa nkhokwe, n'kumagwira mbewa, makoswe ndi abuluzi, vuto limeneli alibe, chifukwa chonyowa amadzipezera yekha. Amene tikunena pano ndi wa m'tauni, wa kumpanda ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndiponso wa abale athu okhala m'nyumba zosanjikiza ku Johannesburg kapena ku London, kumene mphaka amatha chaka asanapondepo dothi.

Nkhani yake ndi madzi

Amphaka onse a pakhomo anachokera kwa mphaka wam'tchire wa kumadera ouma a kumpoto kwa Africa ndi ku Middle East, m'bale wake wa vumbwe wathu uja wogwira nkhuku. Anthu a kumeneko atayamba kulima ndi kusunga mbewu, makoswe anabwera, ndipo amphaka anatsatira makoswewo. Pa chilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa moyandikana ndi mphaka. Zaka zonsezi zapita, koma thupi la mphaka likadali la nyama ya kouma. Silimva ludzu msanga, popeza makolo ake madzi ankawapeza m'nyama imene agwira. Thupi la mbewa, magawo pafupifupi 70 pa 100 alionse ndi madzi.

Tsono taonani kusiyana kwake. Chakudya chouma chili ndi madzi okwana magawo 10 pa 100, nthawi zina kuchepera apo. Chonyowa cha m'paketi chili ndi magawo 75 mpaka 80. Mphaka wolemera makilogalamu 4 amafuna madzi pafupifupi mamililita 200 patsiku, kapu ya tiyi yosadzaza kwenikweni. Akadya timibulu tolemera magalamu 60, madzi amene wapezamo ndi ongokwana supuni ya tiyi. Otsalawo ayenera kukamwa, ndipo amphaka ambiri amamwa ndithu, koma osafika pofanana ndi mnzawo wodya chonyowa. Kapaketi kamodzi ka magalamu 85 kamamupatsa madzi oposa mamililita 60 iye osadziwa n'komwe kuti wamwa.

Mphaka akamapeza madzi ochepa, mkodzo wake umakhala wochepa ndi wamphamvu, ndipo m'chikhodzodzo mumatha kupangika timchenga ndi timiyala. Ena amavutika ndi chimbudzi chouma. Amphaka okalamba ambiri amadwala impso, ndipo oterewa amafunika madzi ambiri kuposa anzawo. Palinso nthawi imene mphaka wazulidwa mano kapena wadwala, dokotala n'kunena kuti adye zofewa zokhazokha. Ngati sanazolowere ali bwinobwino, si pa tsiku la matenda pamene adzaphunzire.

Sitikunena kuti mutaye chakudya chouma. N'chotsikirako mtengo, chimasungika, ndipo sichivunda mukachisiya m'mbale popita ku ntchito. Cholinga n'chakuti mphaka azidya zonse ziwiri.

Si mwano ayi

Tikamati mphaka ndi wamatama timamunamizira. Mphaka amaphunzira kuti "ichi n'chakudya" akadali kamwana, pa nthawi yosiya kuyamwa, ali ndi masabata 4 mpaka 8, poonera mayi wake. Amene anakula akutafuna timibulu tokhatokha amadziwa kuti chakudya ndi chinthu chouma, cholira m'kamwa, cha fungo lakutilakuti. Mukamuikira chinthu chozizira, chofewa, choterera, kwa iye sichili m'gulu la zakudya. Zili ngati munthu wokulira nsima amene mwamupatsa buledi ndi masamba aawisi madzulo, iye n'kumadikirabe kuti chakudya chibwera liti.

Komanso opanga timibulu amatipaka kunja mafuta ndi msuzi wa nyama wafungo lamphamvu kuti tikope mphuno. Ndipo mphaka amadya ndi mphuno. Lilime lake silimva zambiri ngati lathu, ndipo kutsekemera sakumva konse. Akatswiri a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anaonetsa mu 2005 kuti chibadwa chimene chimathandiza nyama zina kumva shuga, mwa amphaka n'chowonongeka. Choncho chimene chimagamula mlandu ndi fungo, kutentha kwa chakudya, ndi mmene chikumvekera m'kamwa. Mukagwira zitatuzi mwagwira mphaka.

Musanayambe

Yambani mwafunsa ngati mphakayo ali wosankha kapena wodwala. Wosankha amakana ichi n'kudya icho ndi mtima wonse. Wodwala amachepetsa kudya chilichonse. Mutsegule pakamwa mofatsa muone nkhama: ngati zili zofiira, zotupa, pakamwa pakununkha, kapena akutuluka dovu ndi kutafunira mbali imodzi, vuto ndi mano. Ngati akuyetsemula ndipo mphuno zatsekeka ndi mamina, sakumva fungo, ndipo mphaka wosamva fungo sadya. Woonda mwadzidzidzi, wosanza kawirikawiri, kapena womwa madzi ambiri modabwitsa, apite kwa dokotala wa ziweto musanasinthe kalikonse. Chimodzimodzi amene ali kale ndi matenda a shuga kapena a impso: chakudya chake chisinthidwe mogwirizana ndi dokotala. Ku Lilongwe kuli chipatala cha bungwe la LSPCA, ndipo m'maboma alangizi a ziweto angakuuzeni kopita.

Tsopano lamulo limodzi limene simuyenera kuliphwanya. Anthu ena adzakuuzani kuti, "Ingomusiyani, njala ikamupweteka adya yekha." Kwa galu zimenezi zimatheka. Kwa mphaka ndi zoopsa. Mphaka akakhala masiku awiri kapena atatu osadya, thupi limayamba kusuntha mafuta ake kupita nawo ku chiwindi, ndipo chiwindi cha mphaka sichitha kugaya mafuta ambiri nthawi imodzi. Chimadzaza n'kulephera kugwira ntchito. Mphakayo amachita nseru, n'kukanirathu chakudya, ndipo m'makutu, m'maso ndi m'nkhama mumayamba kuoneka chikasu. Amene amagwidwa msanga ndi wonenepa uja amene mumati ali ndi nkhokwe m'thupi. Choncho pa masiku onse ophunzitsa, mphaka azidya chakudya chake chakale mokwanira tsiku lililonse. Akatha maola 24 osalawa kanthu, lekani zophunzitsazo, mubwezereni chimene amakonda, ndipo akakanabe pitani naye kuchipatala.

Kuyamba kwake

Choyamba si chakudya chonyowa ayi, koma nthawi. Ngati mbale ya timibulu imakhala yodzaza usana ndi usiku, mphaka sakhala ndi njala yokwanira kuti ayese chachilendo. Yezani chakudya chake cha tsiku lonse, muchigawe katatu: m'mawa, madzulo mukaweruka, ndi usiku musanagone. Muziika mbale kwa mphindi 20 kapena 30, kenako n'kuchotsa. Masiku oyamba adzadandaula, adzakutsatirani mpaka kubafa. Pakatha sabata amakhala atadziwa nthawi zake, ndipo mudzamupeza akudikira pa malo ake. Njala yaing'ono ya pakati pa chakudya ndi chakudya ndi imene tikufuna.

Akazolowera zimenezi, pa nthawi imene amakhala ndi njala kwambiri, ikani chakudya chonyowa chokwana theka la supuni ya tiyi pa kambale kakekake, pambali pa mbale ya timibulu. Musasakanize. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa: amathira chonyowa pa timibulu tonse n'kuvundula, mphaka n'kukana zonse ziwiri, chakudya n'kutayika. Kambale kapadera kamamupatsa mpata wonunkhiza tsiku ndi tsiku popanda kuopa kuti chakudya chake chenicheni chawonongeka. Ikani, chokanipo. Musamuimirire pamutu, musamunyengerere, musamukankhire mphuno m'mbale. Akapanda kudya, chotsani pakatha theka la ola, mawa muikenso.

Chitenthetseni pang'ono. Mbewa imene mphaka wangoigwira imakhala yofunda, ndipo chakudya chofunda ngati thupi, cha pa madigiri 37, chimatulutsa fungo kuposa chozizira. Chochokera mu furiji amphaka ambiri sachiyandikira. Njira yapafupi ndi kuthirapo supuni imodzi ya madzi otentha n'kutakasa, kapena kukhazika kambaleko m'mbale ina ya madzi otentha kwa mphindi zochepa. Yesani ndi chala: chikhale chofunda ngati phala la mwana, osati chootcha.

Kenako bwerekani fungo la chakudya chakale. Tengani timibulu tisanu kapena tisanu n'kamodzi, tiphwanyeni ndi kumbuyo kwa supuni, muwaze ufawo pamwamba pa chonyowacho. Mphaka amayamba ndi kunyambita ufa umene akuudziwa, lilime n'kukhudzako za pansi. Fumbi lotsalira pansi pa thumba la timibulu musamataye, ntchito yake ndi imeneyi.

Kwathu tili ndi mphaka wamphongo amene ana anamutcha Bwanamkubwa chifukwa cha khalidwe lomweli. Tinamuikira kambale masiku 11 osakhudza. Tsiku lililonse ankabwera, kununkhiza, kugwedeza phazi lakutsogolo ngati waponda madzi, n'kutembenukira ku timibulu. Ndinatsala pang'ono kugonja, chifukwa kuona chakudya chogula chikupita kwa galu tsiku ndi tsiku kumawawa. Tsiku la 12 ndili kukhitchini ndinamva kambale kakugunda khoma. Nditasuzumira ndinamupeza wanyambita msuzi wonse, zidutswa za nyama wazisiya zili mbuu ngati miyala ya mumtsinje wouma. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma apa ndinaphunziraponso china: mphakayu sankadana ndi fungo, ankadana ndi zidutswa. Nditayamba kuzinyenya ndi foloko kuti zisakanikirane ndi msuzi, ankamaliza zonse.

N'chifukwa chake musathamangire kugula katoni yathunthu ya mtundu umodzi. Chakudya chonyowa chilipo chosalala ngati chiponde, china cha zidutswa zosambira mu msuzi, china cha zidutswa zokutidwa ndi zonjenjemera zangati mafuta a mang'ina akazizira. Mphaka wokana chimodzi amatha kulandira chinzake. Gulani kapaketi kamodzi ka mtundu uliwonse, ndipo mtundu umodzi muupatse masiku angapo musanauweruze. Kusinthasintha tsiku lililonse kumaphunzitsa mphaka kuti akakana, chabwino chikubwera.

Ngati mphaka wakana zonsezi, bwererani pambuyo. Donthezani madzi ofunda pang'ono pa timibulu tochepa kuti tingonyowa kunja, muone ngati adya. Muziwonjezera madziwo pang'onopang'ono mpaka azolowere kutafuna chofewa. Njira ina ndi kupaka kachakudya kochepa kwambiri pa phazi lake lakutsogolo. Mphaka salola litsiro pa thupi, amanyambita, ndipo potero walawa. Koma izi ndi za mphaka wofatsa. Wamantha musamugwiregwire, chifukwa akaphatikiza chakudyacho ndi kuopsezedwa sadzachifunanso. Pa chifukwa chomwechi, musabise mankhwala owawa m'chakudya chimene mukumuphunzitsa, ndiponso musayambe maphunzirowa ali ndi nseru.

Akayamba kudya, wonjezerani pang'ono pakatha masiku awiri kapena atatu alionse: theka la supuni, supuni, masupuni awiri, mpaka theka la kapaketi. Kuthamanga kumatsegula m'mimba. Chimbudzi chikafewa kwambiri, bwererani pa muyezo wa dzana mukhalepo masiku angapo. Amphaka ena amamaliza ulendowu pa sabata imodzi, ena mwezi, okalamba ena miyezi iwiri kapena itatu.

Mbale ndi malo

Gwiritsani ntchito mbale yotakata ndi yosazama, yadothi, yagalasi kapena yachitsulo. Amphaka ambiri sakonda kuloweka nkhope m'chinthu chakuya mpaka ndevu kumakhuza m'mbali. Pulasitiki imakandika n'kumasunga fungo la chakudya chakale. Tsukani mbale mukatha kudyetsa kulikonse ndipo mutsukuluze bwino, chifukwa fungo la sopo amalimva ngakhale inu simukulimva.

Malo akhale a phee, kutali ndi kumene amadzithandizira, ndiponso pokwera ngati pakhomo pali galu kapena nkhuku. Mphaka mwachibadwa amasaka yekha ndi kudya yekha. Ngati muli nawo awiri kapena atatu, aliyense akhale ndi mbale yake motalikirana, apo ayi wamphamvu adzadya chonyowa chonse ndipo wosankha uja sadzachilawa n'komwe. Mbale ya madzi muike pena, osati mogundana ndi ya chakudya, ndipo madziwo muzisintha tsiku lililonse.

Muyezo wake

Mukawonjezera chonyowa muchepetse chouma, apo ayi mphaka anenepa. Timibulu n'tochepa m'maso koma tili ndi mphamvu zambiri. Kapaketi kamodzi ka magalamu 85 kamalowa m'malo mwa timibulu tolemera pafupifupi magalamu 20. Ndiye mphaka wa makilogalamu 4 amene amadya magalamu 60 patsiku, akayamba kumaliza kapaketi kamodzi, timibulu titsike kufika pa magalamu 40. Mitundu imasiyana, choncho werengani kumbuyo kwa paketi, ndipo muzimusisita m'nthiti: nthiti zizimveka m'manja mosavuta koma zisamaoneke ndi maso.

Pa paketipo yang'ananinso mawu achingerezi awiri. Pakalembedwa complete, ndiye kuti chakudyacho chili ndi zonse zofunika ndipo mphaka angakhalire chomwecho. Pakalembedwa complementary, n'chongowonjezera, ngati ndiwo zopanda nsima.

Ngati mapaketi akudula

Zakudya zimenezi zambiri zimachokera kunja, makamaka ku South Africa, ndipo si banja lililonse lingakwanitse kapaketi tsiku ndi tsiku. Simukuyenera kutero. Ngakhale theka la kapaketi patsiku, kapena katatu pa sabata, kumathandiza kuti mphaka asaiwale kudya chofewa. Mungathenso kumuphikira: kanyama ka nkhuku kowiritsa m'madzi okha, mtima ndi nthutumba, dzira lowiritsa, kapena usipa wauwisi wophika bwino. Mupatule gawo lake musanathire mchere, mafuta, tomato ndi anyezi. Msuzi wa nyama yowiritsa choncho ndi wabwino kwambiri pothira pa chakudya chimene akuchikana. Usipa kapena matemba ouma muyambe mwaviika ndi kutsuka kuti mchenga ndi mchere zichoke, kenako muwiritse.

Koma zophika pakhomozi zikhale zowonjezera chabe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsiku, pamene timibulu tikugwira ntchito yaikulu. Mnofu wokhawokha ulibe zolimbitsa mafupa zokwanira, ndipo tiana ta mphaka tokulira mnofu wokha timakhala ndi mafupa ofooka. Chiwindi chikachuluka chimadzetsa vitamini A wopitirira muyezo, amene amaumitsa mafupa a m'khosi ndi msana, choncho kachidutswa kamodzi pa sabata n'kokwanira. Nsomba zambiri zikakhala zaziwisi zili ndi chinthu chimene chimawononga vitamini B1, ndipo kuphika ndi kumene kumachithetsa. Nsomba ya tsiku ndi tsiku imapangitsanso mphaka kukana china chilichonse.

Pali zina zosayenera kumupatsa n'komwe. Anyezi ndi adyo, zaziwisi kapena zophika, zimaphwanya maselo ofiira a magazi a mphaka, n'chifukwa chake msuzi wa ndiwo zathu si wake. Mafupa ophika a nkhuku ndi minga ya chambo zimabaya kukhosi ndi m'matumbo. Mkaka wa ng'ombe amaukonda, koma amphaka ambiri akakula satha kuugaya ndipo umawatsegula m'mimba. Nsima yonyika mu msuzi imadzaza mimba koma simumanga thupi, popeza mphaka ndi nyama yodya nyama basi. Chakudya cha agalu nachonso sichimukwanira, chifukwa mphaka amafuna chinthu chotchedwa taurine chimene thupi lake silipanga chokwanira. Chikasowa amachita khungu ndipo mtima umafooka. Zoti kusowa kwa taurine kumawononga mtima wa mphaka anazitulukira ku yunivesite ya California ku Davis mu 1987, ndipo kuchokera pamenepo opanga chakudya cha amphaka anayamba kuthiramo wokwanira.

Kutentha, nyerere ndi magetsi

Chakudya chonyowa ndi nyama, ndipo chimavunda ngati nyama. Mu Okutobala ndi Novembala musachisiye m'mbale kupitirira theka la ola. Nthawi yozizira chingakhale ola limodzi. Ntchentche zimaikirapo mazira msanga, ndipo mphaka amene wadwala m'mimba chifukwa cha chakudya chosasa amachikumbukira n'kuchikana mpaka kalekale, ntchito yanu ya mwezi wathunthu n'kupita pachabe. Timibulu tonyowetsedwa ndi madzi nato timawonongeka chimodzimodzi. Nyerere zikavuta, khazikani kambale ka chakudya pakati pa mbale yaikulu yokhala ndi madzi pang'ono.

Chotsala m'paketi kapena m'chitini chikhuthulireni m'kabotolo kotseka bwino, muike mu furiji, ndipo chithe pasanathe masiku awiri kapena atatu. Magetsi akazima tsiku lonse, chinunkhizeni, ndipo mukakayika tayani. Pa masabata oyamba aja, pamene mukugwiritsa ntchito theka la supuni patsiku, gawani kapaketi m'tizigawo ting'onoting'ono muumitse mufiriza, n'kumasungunula kamodzikamodzi. Opanda furiji agule timapaketi ting'onoting'ono osati zitini zazikulu, ndipo chotsala chidyedwe tsiku lomwelo, kaya ndi mphaka wina kaya ndi galu.

Chizindikiro chosadikira mawa

Mphaka akayamba kudya chonyowa mudzaona kuti sakupitanso kawirikawiri ku mbale ya madzi, koma akukodza kwambiri kuposa kale. Zimenezo n'zabwino. Choopsa ndi chosiyana nacho. Mukaona mphaka, makamaka wamphongo, akunjuta pafupipafupi, akudzikakamiza, akulira, akunyambita kumaliseche, koma mkodzo ukungodontha, uli ndi magazi kapena sukutuluka n'komwe, njira ya mkodzo ingakhale itatsekeka. Njira ya wamphongo ndi yopapatiza kwambiri, ndipo ikatsekeka akhoza kufa pa tsiku limodzi kapena awiri. Anthu ambiri amaganiza kuti wadzimbidwa n'kumadikira. Musamupatse Panado kapena mankhwala ena alionse a anthu ochepetsa ululu, chifukwa paracetamol amapha mphaka ngakhale theka la piritsi. Muikeni m'katoni yoboola kapena m'dengu lovindikira, muyalemo chitenje chakale, mupite naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, ngakhale kuli Lamlungu.